Nkhuku ya a Folo

Amene anandigulula mano awiri akutsogolo ndi a Namakhwa, mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito, amene ku Kaporo konse tinkawatchula kuti a Folo. Sanandimenye ndi chibakera ayi. Akanatero bwenzi zili bwino, poti ine chibakera ndimabweza. Anandimenya ndi kampira koyera, kolimba ngati mwala, ali patali moti nkhope yawo sindinkaiona n'komwe. Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni. Kwathu timayankhula Chinkhonde, sukulu ndinasiyira panjira, ndipo Chichewa chambiri chimene ndikulembachi ndinachitola pokangana ndi madala omwewa.

Dzina langa ndine Lusekelo. Ndimapalasa kabaza, kuno timati kago. Tsiku limenelo linali Loweruka, anthu atakolola kale mpunga, ndipo ndinkadutsa njira yachidule ya m'minda kuchokera ku Iponga ndilibe kasitomala. Ndinangomva munthu akukuwa, "Folo! Folo!" Kucheuka, ndinaona mdala atavala juzi yachikasu dzuwa lonse lija, akukupiza mkono m'mwamba. Tsopano inu tandiuzani. Munthu wa kago akaona mkulu akukuwa n'kumakupiza mkono, amaganiza chiyani? Ndinati kasitomala. Ndinatinso mwina akunena nthawi, kuti ndidzawatenge folo koloko. Ndinakhotetsa njinga kuloza kwa iwo, n'kuimirira pa mapedalo, n'kumwetulira monga timachitira tikaona kasitomala. Kampira kaja kanapeza pakamwa pali potsegula kale.

Ndinadzuka m'ziputu za mpunga ndikulavula magazi, mano anga ali m'fumbi ngati nyemba. Madala aja anafika akuthamanga, mpango uli m'manja. Mawu awo oyamba sanali pepani.

"Mwana wanga, ndinakuwatu!"

Ndinawatukwana m'Chinkhonde, mawu amene sindingalembe pano. Ndinatola pampu ya njinga kuti ndiwaswe nayo mutu, koma mkono wanga unagwidwa ndi mayi wina wamphamvu amene ankasewera nawo, a Chimwaza, nesi wa ku Dedza amene ankagwira ntchito pachipatala cha kwathu. Iwowo ndi amene anandisoka mlomo masana omwewo. Akusoka anandifotokozera kuti liwu lija si nambala, si nthawi. Ndi liwu la anthu a gofu. Limatanthauza kuti bisa mutu, mpira ukubwera.

"Ndiye akanangonena choncho," ndinatero, ulusi uli pakamwa.

"Khala chete, ndingakusokere ndi lilime lomwe," anatero a nesi.

Mlandu anaukamba amalume anga ndi akuluampingo. Anagamula zitatu: a Folo andigulire mano oikirira, asamasewerenso popanda munthu woyang'ana njira, ndipo apepese ndi nkhuku. Kwathu nkhuku ya chipepeso ili ndi mwambo wake. Wolakwa amaibweretsa yekha, wolakwiridwa amailandira ndi manja awiri, iphedwe, mudyere m'mbale imodzi. Mukatero nkhani yafa, palibenso woitchula. A Folo anabwera ndi kathadzi kofiira kopanda nthenga m'khosi, atakamanga miyendo ndi luzi. Anagwada, munthu wa imvi, pamaso pa ine. Ndipo akanangokhala chete ndikanalandira. Koma anayankhula.

"Mano ndikupepesa ndi mtima wonse. Koma anthu adziwe kuti kukuwa ndinakuwa."

"Simunakuwe," ndinatero.

"Iwe wemwe wanena kuti unamva."

"Kukuwa chiyankhulo chimene munthu sakuchidziwa si kukuwa. Vomerani kuti simunakuwe, nditenga."

Anapukusa mutu. Anati bodza sangaliike pamodzi ndi nkhuku. Ndinadzuka n'kuchokapo, amalume akundiitana. Nkhukuyo inatsala pansi ikuphupha.

A Folo anaitenga n'kubwerera nayo kwawo. Anaimasula n'kuuza akazi awo, a NyaMsiska a ku Vinthukutu, kuti iyi ndi ya Lusekelo, tikungomusungira. Inaikira, inaswa, anapiye anakula nawonso anaswa. Pakhomo pawo panadzaza nkhuku zopanda nthenga m'khosi, koma pakhomo pomwepo alendo ankadyera usipa, poti madalawo ankakaniza ngakhale dzira. Chitopa chikamveka m'mudzi ankazigwira imodziimodzi n'kumazidonthezera mankhwala m'maso, akung'ung'udza kuti chiweto cha eni sichifera m'manja mwa wosunga. A NyaMsiska akandiona pamsika ankakuwa, "Iwe Lusekelo, nkhuku zako zatimalizira mpunga! Ukuti tidye nthenga?"

Kwawo kwa a Folo kunali ku Thyolo. Gofu anaionera kumeneko ali mwana, ku minda ya tiyi kumene bambo awo ankatchetcha udzu pabwalo la azungu. Boma linawatumiza kuno ali mnyamata kudzalangiza za mpunga, anakwatira, ndipo atapuma pantchito sanabwerere. Chinkhonde ankachimva chonse koma akati ayankhule ana ankagubuduka n'kuseka, ndiye anangotsala ndi liwu limodzi lothokoza, ndaga, limene ankaligwiritsa ntchito ngakhale munthu akawaponda phazi.

Bwalo lawo la gofu silinali bwalo. Inali minda ya anthu. Kuno mpunga ukachoka, dambo lonse limakhala la ng'ombe mpaka mvula. Chaka chilichonse a Folo ankayenda khomo ndi khomo kupempha eni minda, chipewa chili m'manja ngati munthu wokafunsira mbeta, ngakhale ankadziwa kuti palibe angawakanize. Si ndi iwowo anaphunzitsa makolo athu kuwokera mpunga m'mizere? Akawalola ankakwirira zitini za mkaka, kukamwa kuli m'mwamba, n'kuthira mchenga wa kumtsinje mozungulira, n'kuusalaza ndi thabwa. Mbendera zinali mabango ndi nsanza za zitenje, ndipo kangapo konse a NyaMsiska anapeza chitenje chimene ankavalabe chikuuluzika pakati pa dambo.

Dzenje lililonse linali ndi dzina. Lina ankaliti Kwa Apongozi, chifukwa sunkalipita chindunji, unkalizembera cham'mbali. Lina linali Ku Ofesi, poti ukafika utavutika unkapeza latsekedwa, ng'ombe zathiramo zake. La pafupi ndi njira ya ku Iponga analitcha Pa Mano. Ndinawauza kuti alisinthe dzina. Anati dzina silisinthidwa mlandu usanathe.

Lamulo lawo lalikulu linali lakuti mpira umamenyedwa pomwe wagwera. Ukagwera m'mng'alu wa dothi, menya pomwepo. Ukagwera m'ndowe zaziwisi, menya pomwepo. Ndinawaonapo akumenya mu ndowe, zonse n'kuwathovukira kumaso ndi pa juzi yachikasu ija, iwo n'kungopukuta magalasi n'kumayenda ngati palibe chachitika. A nesi ankayesa kusuntha wawo ndi chala cha kuphazi akuyang'ana kumwamba, ndipo madalawo osacheuka n'komwe ankati, "Sisita, ubwerere kwawo mpirawo." Ankakhulupirira kuti munthu amene wasuntha mpira lero, mawa asuntha malire a munda.

Mvula ikagwa, dambo likasanduka nyanja, ankamanga neti ya udzudzu pakati pa mitengo iwiri ya mango kuseri kwa nyumba n'kumamenyeramo m'mawa uliwonse. A nesi ankati neti imeneyo anapereka kuti ateteze malungo. A Folo ankati ikuteteza mawindo a aneba, umenewonso ndi umoyo.

Mmene ndinalowera ine m'zimenezi ndi motere. Mlomo utapola ndinabwerera pasiteji, ndipo anzanga anali atandikonzera kale dzina. Geti. Mtsikana amene ndinkamufuna ku Iponga anandiona ndikuyankhula n'kuphimba pakamwa pake, osati panga. Ndinasiya kuseka. Ndinamenyana ndi anthu angapo chifukwa cha dzinalo, ndipo m'mene ndinkamenyera m'pamene linkakakamira. Tsiku lina m'mawa ndinangomva anzanga akukuwa, "Geti, dokotala wako wa mano uja wabwera! Tseka pakamwa!"

A Folo anaima patsogolo pa njinga yanga, chipewa m'manja.

"Ndikufuna munthu woyang'ana njira Loweruka."

"Mwasowa anthu ku Kaporo kuno?"

"Anthu alipo. Koma wodziwa kuwawa kwake ndiwe wekha."

Ndinavomera ndi mtima woipa. Ndinkafuna ndidzakhalepo tsiku limene adzamenye wina, ndidzaone apolisi akuwakweza. Ndinkawatenga pakhomo pawo, chikwama cha ndodo chili pamsana pawo, n'kukaima panjira n'kumawanyoza. Ndinati masewera amenewa ndi a anthu osowa chochita, kumenya chinthu chimene sichikuthawa n'komwe. Tsiku lina anangondipatsa ndodo. Ndinasonkhanitsa mkwiyo wanga wonse n'kumenya. Ndinamenya mphepo. Kachiwiri ndinakumba dothi lokwanira kudzala chinangwa. Kampirako kanangokhala phee kakundiyang'ana. A nesi anaseka mpaka kukhala pansi. Ndinaiponya ndodoyo kutali, ikuzungulira m'mwamba. A Folo anapita okha kukaitola, anaipukuta ndi mpango, n'kundibwezera.

"Ndodo yayenda bwino," anatero. "Tsopano tiyese mpira."

Kuyambira pamenepo woyang'ana njira anakhala aliyense amene sakumenya, ine ndinakhala wosewera. Madalawo ankandiuza kuti ku Kaporo konse chinthu chokhacho chimene sichiopa Lusekelo ndi kampirako, ndiye ndisataye nthawi kukaopseza. Ankati ukakamenya ndi ukali kamagwera pafupi dala. Ndikafinya ndodo mpaka mitsempha kutuluka ankandimasula zala chimodzichimodzi, amvekere gwira monga umagwirira nkhuku ya chipepeso, kuti isathawe koma isafenso. Kenaka ankaonjezera kuti iwe sungadziwe, sunaigwirepo.

Masewera akatha ankavula chipewa, tigwirane chanza, ngakhale titatukwanizana njira yonse. Ndiyeno pankabwera mawu athu a sabata ndi sabata.

"Nanga nkhuku?"

"Mwavomera kuti simunakuwe?"

"Ndinakuwa."

"Basi isungeni."

A nesi ankati tikuwatopetsa ngati nyimbo ya pawailesi. Zaka zinapita tikunena zomwezo.

Kamodzi pachaka, nyengo yozizira, a Folo ankapita ku Mzuzu ku mpikisano wa akuluakulu, pabwalo lenileni la udzu. Kukonzekera kunkayamba mwezi wathunthu. Timipira ankatitsuka m'beseni ndi sopo ndi mswachi, ndipo tsiku lina anandipempha wanga, ati iwe ntchito yake inakuchepera. Nsapato za misomali ankazinyamula m'jumbo. Ankatenganso kathumba ka mpunga wa kilombero kokapatsa anyamata osamalira udzu. M'basi ankakangana ndi kondakitala aliyense wofuna kuika chikwama cha ndodo pansi pa madengu a nsomba, mpaka ankachikumbatira pakati pa miyendo phiri lonse la Chiweta. Sanapambanepo. Ankabwerako ndi kapu yatsopano ndi nkhani zokwana chaka.

Chaka china anati tipite tonse, ukaikitse mano. Ndinawauza kuti mano ndilandira poti ndi chigamulo cha akuluakulu, koma asaganize kuti mano ndi nkhuku. Anati sakuganiza.

Tsiku loyamba dokotala anandiyeza m'kamwa, ndipo pofika tsiku la mpikisano ndinali ndi mano awiri oyera kuposa anzawo onse, omata pa kapulasitiki kofiira. Ndinkangodziyang'ana m'magalasi a magalimoto oimikidwa. Titalowa pabwalo paja madalawo anavula nsapato ndi sokosi n'kuima paudzu chilili, maso atatsinzina. Ine ndinachita manyazi poti mabwana ankatiyang'ana. Koma atayamba kusewera manyazi anatha. Munthu wozolowera ming'alu ndi ndowe, paudzu wosalala ngati bulangete mpira unkangowamvera. Mabwana a mimba zawo anayamba kufunsana kuti achikulire a ku Karongawa ndani. Mmodzi anandinong'oneza kuti akapitiriza chonchi, chaka chino atenga chikho. A Folo anamva, ndipo ndinaona khutu lawo likunjenjemera.

Titatsala pang'ono kumaliza, kuseri kwa mitengo kunamveka mawu a munthu wina.

"Folo!"

Zimene ndinaona sindidzaiwala. Bwalo lonse linagwada. Mabwana, antchito, mayi wina wa chipewa chachikulu, onse pansi, manja kumutu. Amene anatsala chiimire ndi ine ndekha. Ndinatembenukira komwe kunachokera mawu, pakamwa pali yasa, mano atsopano ali panja. Madala aja, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, anadumpha ngati mnyamata. Anandigwira pamutu n'kundikanikizira pansi. Ndinamva kulira ngati bango lathyoka. Mano anga anafwamphuka n'kugwera m'udzu.

Ndinadzuka moto uli m'maso. "Mdala iwe, kachiwiri!" Ndinawakankha pachifuwa pamaso pa anthu onse aja. Ndinati iwe, kwa munthu woposa bambo anga. Kenaka ndinagwada n'kumakwawa kufunafuna mano. Nditawapeza, nditawapukuta, nditawabwezera m'kamwa, m'pamene ndinaona kuti madalawo apana dzanja m'khwapa, ndipo juzi yachikasu ija ikusanduka yofiira. Mpira umene unkabwera pamphumi panga unawaswa chala chapakati.

Mpikisano sanamalize. Pobwerera m'basi, dzanja lili m'bandeji, ine ndinkangoyang'ana pawindo. Ndinkadikira kuti andinene. M'malo mwake anandigunda ndi chigongono, nkhope ili mwee.

"Waona mmene anagwadira onse aja? Liwu lija lilipo. Sindinapeke ine."

"Lilipo ku Mzuzu," ndinatero. "Osati ku Kaporo."

Anaseka mpaka kutsokomola. Zikomo sindinanene. Ngakhale ndaga, kaliwu kakafupi kamene iwo ankapatsa aliyense, sindinawapatse.

Chalacho chinapola chokhota, chosapindika. Ndodo sinkagwirikanso bwino, mpira unkapatukira kumanja ngati woledzera. Ku Mzuzu sanapitenso, ankati basi ikuwatopetsa. A nesi anandikokera pambali tsiku lina. "Iwe, chala ndi mano simwafanana? Katenge nkhuku ija." Ndinayankha kuti chalacho unaswa ndi mpira wa munthu wina, osati wanga. Anandiyang'ana ngati akuyang'ana bala lonunkha.

Chifukwa chenicheni sindinawauze. Poyamba ndinkakana ndi mkwiyo, zoona. Koma mkwiyowo unatha kalekale, mwina tisanapite n'komwe ku Mzuzu. Chimene chinalipo n'chakuti madalawo anali atayamba kutupa mapazi ndi kupuma mobanika, ndipo mwana wawo wamkazi wa ku Blantyre ankaimba foni pafupipafupi kuti abwere, kumeneko kuli madokotala a mtima. Iwo ankayankha ine ndili pomwepo, akunditsinzinira diso: "Sindingabwere, amayi, ndili ndi mlandu kuno sunathe." Ndiye m'mutu mwanga ndinawerengera kuti tsiku limene ndidzatenge nkhuku, mlandu watha, galimoto ibwera. Loweruka ndidzapita kuti? Pasiteji ndine Geti. Kwathu ndine uja wovuta. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankanditchula dzina langa lonse, pang'onopang'ono ngati akulilawa: Lu-se-ke-lo. Ndinkaona mapaziwo akukana kulowa m'nsapato, ndinkamva mpweyawo ukulira m'khosi ndikamawapalasa, koma Loweruka lililonse ndinkati basi isungeni.

Loweruka lomaliza kunatentha kwa Okutobala, kumene dothi limaotcha kudzera m'nsapato. A nesi anali pantchito, tinali awiri. Madalawo anatuluka m'nyumba opanda juzi. Sindinawaonepo choncho, ndipo ndinawaseka kuti tsopano mwazindikira kuti kuno si ku Thyolo. Ankamenya kamodzi n'kukhala pa kamtumbira ka m'malire, kumenya kamodzi n'kukhala. Komabe ankandiposa. Kwa Apongozi mpira wanga unalowa m'mng'alu wakuya, ndinaukumba ngati mbewa, thukuta lili m'maso, mtima ukuwira kuti ndikugonja kwa munthu wolephera kuima. Anati tilekere pomwepa. Anavula chipewa, tinagwirana chanza, koma dzanja langa sanalisiye.

"Lusekelo, lero sindikuseka. Mwana wanga akubwera ndi galimoto sabata yamawa, ndamuvomera. Tiye kunyumba, amayi ako a NyaMsiska aphike nkhuku ija."

"Mwavomera kuti simunakuwe?" Ndinafunsa mwa chizolowezi, ndikudikira yankho la masiku onse.

Anayang'ana pansi. "Ndavomera. Sindinakuwe."

Munthu amene sanasunthepo mpira ndi phazi. Munthu amene anakana kuika bodza pamodzi ndi nkhuku pamaso pa akuluampingo. Ananama ndikuona, chifukwa cha ine, kuti anyamuke. Mawu amene ndinawadikira zaka zonsezi anandilowa ngati minga. Sindikudziwa kuti anthu ena mantha amawatuluka bwanji. Ine amanditulukira pakamwa. Ndinasolola dzanja langa.

"Nkhuku yanuyo ndidzadyera pamaliro panu."

Ndinakwera njinga n'kuwasiya pakati pa dambo ndi chikwama chawo, ine amene ndinkawafikitsa pakhomo sabata iliyonse. Nditafika cha Pa Mano ndinamva kumbuyo, mawu osasa koma omveka.

"Folo!"

Ndinagwetsa mutu pa handulo, dzanja limodzi kuphimba nkhongo, ndendende mmene anandiphunzitsira. Ndinapalasa osacheuka. Mpira sunabwere. Ndinati ndi nthabwala zawo, tidzakambirana Loweruka.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, akuwazira nkhuku madeya kuseri kwa nyumba. Galimoto ya ku Blantyre inabweradi, koma inabwera ndi bokosi, kudzawatenga kupita nawo ku Thyolo.

Anthu anasonkhana ambiri, a ku Kaporo, a ku Iponga, a ku Vinthukutu kwawo kwa mayi. Ine ndinkangozungulira kunja kwa mpanda ngati galu wakuba. A NyaMsiska anatuma munthu kuti andiitane kuseri kwa khitchini. Ndinawapeza atakhala pamphasa, mawu atatha ndi kulira, nkhuku zija zikutola pafupi ndi mapazi awo.

"Mwana wane, anthu achuluka, ndiwo zachepa. Amayiwa akufuna aphe nkhuku, ine ndakana. Si zathu. Unene wekha."

Ndinayang'ana nkhukuzo. Iwo sankadziwa zimene ndinanena kudambo, kapena ankadziwa, mpaka lero sindinafunse.

"Loweruka anafika mochedwa, akukoka chikwama pansi," anapitiriza. "Ndinati mwana uja ali kuti? Anati ndinamuitana kuti abwerere, koma dzina lake ndi lalitali, mpweya sunakwane. Ndiye ndinakuwa liwu lomwe linamubweretsa poyamba paja. Koma mwanayo waphunzira, anabisa mutu. Ankaseka ponena zimenezo, iwe. Ankaseka ndithu."

Ndinawafunsa ngati anachedwa kupita ku Blantyre chifukwa cha ine.

"Yayi, mwana wane. Munthu uja ankakonda dambo lake. Iwe unali chonamizira chabe."

Ndimafuna kuwakhulupirira. Masiku ena ndimatha.

Ndinawauza kuti aphe zonse, asiye imodzi. Kathadzi koyamba kaja kanali kakadalipo, katakalamba, kosaikiranso, khosi lili makwinya ngati la amene ankakasunga. Anthu anadya. Ine pamaliro amenewo sindinalawe kanthu, ngakhale madzi.

Chaka chino mpunga wakololedwa, ng'ombe zalowa, koma palibe anayenda khomo ndi khomo ndi chipewa m'manja. Zitini zina anazifukula ndi makasu polima. China ndinachipeza Kwa Apongozi chitadzaza matope ouma, muli kachule. Pamene ankathira mchenga pakuonekabe mbuu, ndipo eni minda akuti mpunga wa pamenepo unamera waufupi, koma sakudandaula. A nesi anawasamutsira kwawo ku Dedza. A NyaMsiska anabwerera ku Vinthukutu, nyumba ndi yotseka, neti ija ikadali pakati pa mitengo ya mango, yang'ambika, mwagwera masamba. Ngakhale manda oti n'kukaimapo kuno kulibe. Chikwama cha ndodo anandisiyira ine, chili pansi pa bedi. Ndinachitulutsa kamodzi, ndinafika nacho mpaka m'mphepete mwa dambo, koma panalibe woyang'ana njira, ndiye ndinabwerera. Nkhukuyo ili kwathu. Amalume akuti ndiiphe isanafe yokha. Ndidyere m'mbale imodzi ndi ndani?

Ndikamadutsa njira ya ku Iponga Loweruka, dambo lili zii, mutu umangotsika wokha pa handulo.

Tsiku lonyamuka ndi maliro lija, galimoto itayandikira pakhomo, akuluampingo analengeza mwambo woona nkhope, ati tifulumire poti ulendo ndi wautali. Ndinalowa pamzere nkhuku ili m'khwapa. Mkulu wina anatambasula mkono kuti anditsekereze, amvekere mnyamata iwe wapenga, koma a NyaMsiska anati, "Mulekeni." Kwaya inkaimba. Nditafika pabokosi ndinaona kuti awaveka juzi yachikasu ija, banga la ku Mzuzu likuonekabe pang'ono cha m'khwapa. Nkhope inali ngati ya munthu amene waima paudzu opanda nsapato. Ndinavula kapu. Ndinaitulutsa nkhukuyo m'khwapa n'kuigwira ndi manja awiri, osafinya, kuti aione. Kumbuyo anthu ankakankha. Ndinawerama mpaka mpweya wanga unachita nthunzi pagalasi, ndipo ndinanena m'chiyankhulo chawo, kuti asadzati sanamve.

"Madala, munakuwa. Kawiri konse munakuwa. Nkhuku ndalandira."